Khasu lobwereka likathyoka mpini, amalipira ndani?

Unali mwezi wa Januwale 2025, cha m'ma 8 koloko m'mawa, kunja kusanayere bwinobwino monga zimakhalira nthawi yozizira kuno ku England. Ndinali nditangoweruka shifiti ya usiku ya maola 12 kunyumba ina yosamalirako okalamba kunja kwa mzinda wa Leeds, komwe ejensi yathu, kampani yobwereketsa antchito, inakhala ikunditumiza kwa miyezi isanu. Pa raundabauti ina, vani yoyera inangolowa osaima n'kudzandiwomba mbali imene ndinakhala. Ndinathyoka mkono wamanja chapafupi ndi dzanja, nthiti ziwiri zinang'aluka, ndipo khosi linauma gwa kwa masabata angapo. Kuchipatala anandisamala bwino, anandimanga pulasitala n'kundiuza kuti za kunyamula munthu kumuchotsa pabedi ndiziiwale kaye kwa miyezi iwiri kapena itatu.

Madzulo ake ndinaimba foni kuejensi. Mtsikana amene anayankha anali waulemu ndithu. Anati pepani kwambiri, mukachira mutiuze kuti tikubwezereni pamndandanda. Nditatsegula foni m'mawa mwake, mashifiti onse asanu ndi limodzi amene ndinali nditavomera kale anali atafufutidwa. Nditafunsa za malipiro a nthawi yodwala, anandiyankha kuti zimenezo ndi za antchito okhazikika, ine ndine wa ejensi, ndimalipidwa pa maola amene ndagwira basi.

Yankho limenelo linali labodza, ndipo ndikulemba chifukwa ndikudziwa kuti Amalawi anzanga ambiri, ndi abale athu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe amene timakumana nawo m'mashifiti, anauzidwapo mawu omwewo n'kungovomereza.

Ku Britain kuli ndalama imene lamulo limakakamiza wolemba ntchito kupereka kwa wantchito amene wadwala kapena wavulala. Aliyense amangoitchula kuti SSP. Siyang'ana kuti wavulalira kuti: kuntchito, pamsewu, kubafa kwanu, zonse ndi chimodzimodzi. Ndipo munthu wa ejensi ali nayo mbali. Kale kunali kampata kamene kankasiya kunja anthu a ejensi a makontilakiti a miyezi itatu kapena yocheperapo, koma kanatsekedwa mu Okutobala 2008. Ngati ejensi ndi imene imakulipira, n'kumakudula msonkho ndi National Insurance (ndalama ya inshuwalansi ya boma) papepala la malipiro, ndi iyoyo imene iyenera kukupatsa SSP, mpaka masabata 28. Ngati malipiro ako amadutsira ku kampani ina yapakati imene amaitcha umbrella, udindowo uli pa kampaniyo. Masiku asanu ndi awiri oyamba umangonena wekha kuti wadwala. Akapitirira pamenepo pamafunika kalata yachipatala yotchedwa fit note, imene kuyambira mu 2022 ngakhale namwino kapena dokotala wa mafizo angathe kulemba.

Chinyengo cha maejensi ena chagona pa mawu akuti ntchito yako inatha. Amati munthu wa ejensi amalembedwa shifiti imodzi imodzi, choncho ukavulala Lachiwiri m'mawa utaweruka, ndiye kuti sunali pantchito ya aliyense. Malangizo a boma eniake sanena choncho. Ngati wagwira mosadukiza kwa miyezi itatu, umatengedwa ngati munthu wa kontilakiti yopitirira, ndipo SSP imayenda nthawi yonse imene ukudwala pokhapokha kontilakitiyo itathetsedwa mwadongosolo. Ngati sunakwanitse miyezi itatu, amayenera kukulipirabe mpaka kumapeto kwa ntchito imene munagwirizana kale. Palinso lamulo la 1982 lonena kuti bwana akathetsa kontilakiti pofuna kuzemba SSP, ngongoleyo imamutsatabe. Ndipo akaona kuti sukuyenera kulandira, sangangokuuza pafoni. Ayenera kukupatsa fomu yotchedwa SSP1 yofotokoza chifukwa chake, ndipo iwe ukapanda kukhutira umakadandaula ku HMRC, bungwe la boma lotolera msonkho, komwe kuli gulu loweruza mikangano yotereyi.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Anandiunikira ndi mayi wina wongodzipereka ku Citizens Advice (bungwe lopereka uphungu kwaulere), amene anakhala nane pafupifupi ola lathunthu akuwerenga mapepala anga a malipiro limodzi limodzi, ine mkono uli pachifuwa. Anandithandiza kulemba kalata ya mizere isanu ndi umodzi yokha: tsiku la ngozi, tsiku limene ndinawadziwitsa, miyezi imene ndagwira, ndi pempho loti andilipire kapena anditumizire SSP1. Patatha masiku khumi ndalama inalowa, popanda ngakhale mawu opepesa. Masabata asanu anali atadutsa. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti sanatsutse n'komwe. Ankadziwa kuyambira pachiyambi, ankangoyesa ngati ndingakhale chete.

N'chifukwa chiyani amatero? Kuyambira mu Epulo 2014 boma linasiya kubwezera olemba ntchito gawo la SSP imene apereka. Ndalama iliyonse imene ejensi yakupatsa uli kunyumba imachoka m'thumba mwake, pamene nyumba ya okalamba ija ikulipira kale munthu wina amene walowa m'malo mwako. Ndiye mwa anthu khumi ovulala, asanu ndi awiri akangoti zikomo n'kudula foni, ejensi yapindula. Palibe wapolisi amene amabwera kudzafunsa. Lamulo lilipo, koma limadikira kuti wodwala mwiniwake, ali ndi ululu ndi mantha, alidzutse.

Komabe nkhani yanga yaikulu si ya ejensi yabodza. Tiyerekeze kuti onse ndi oona mtima ndipo amalipira pa tsiku lake. Ndalama yake ndi zingati? Nthawi imene ndinavulala inali £116.75 pa sabata. Malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo anali £11.44 pa ola. Ndiye kuti munthu amene amagwira maola 40 kapena 48 pa sabata ankapatsidwa ndalama ya maola khumi, yosakwana n'komwe shifiti imodzi ya usiku. Masiku atatu oyamba sankalipidwa. Mu Epulo 2025 anakweza ndi mapaundi awiri, kufika £118.75. SSP yanga ya mwezi wathunthu sinkakwana lendi ya nyumba yathu, osanenapo za magetsi, gasi wa m'nyengo yozizira, msonkho wa khonsolo, ndi fizi ya mwana wa mchemwali wanga ku Zomba amene amadalira ife. Amuna anga anayamba kugwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo tsiku lina ndinawapeza akusinza patebulo supuni ili m'manja.

Panalinso mpanda wina umene unagwetsa anzathu ambiri. Kuti ulandire SSP unkayenera kupeza £123 pa sabata kwa bwana mmodzi, powerengera masabata asanu ndi atatu apambuyo. Koma ife timadziwa mmene ntchito ya ejensi imayendera: umalembetsa kuwiri kapena kutatu chifukwa kumodzi sikukupatsa maola okwanira. Ukaphatikiza zonse ndiwe munthu wogwira ntchito sabata yathunthu, koma ejensi iliyonse payokha imakuona ngati wodutsa. Lamulo latsopano la ufulu wa antchito, limene boma la Labour linabweretsa kunyumba ya malamulo mu Okutobala 2024, likuchotsa mpanda umenewu pamodzi ndi masiku atatu odikira aja, ndipo opeza zochepa azilandira 80 peresenti ya malipiro awo ngati ili yocheperapo kuposa SSP yonse. Ndi chinthu chabwino ndipo ndikuyamikira. Koma kukula kwa ndalamayo sikunasinthe kwenikweni, ndipo pali bala lina limene sanalikhudze.

Bala lake ndi ili. Mu Okutobala 2011 anayamba kugwira ntchito malamulo oteteza anthu a ejensi, amene amati ukagwira masabata 12 pamalo amodzi pa ntchito imodzimodzi, uzilandira zofanana ndi mnzako amene analembedwa mwachindunji: malipiro a pa ola, ovataimu, tchuthi, nthawi yopuma. Zikumveka bwino. Koma olemba malamulowo anatchula zinthu zingapo zimene sizilowa m'mawu akuti malipiro, ndipo chimodzi mwa izo ndi ndalama ya nthawi yodwala imene kampani imapereka mwa iyo yokha pamwamba pa SSP. Ndiye kufanana kwake kumathera pakhomo la chipatala. Muli bwino nonse, ndinu ofanana. Mmodzi akagona, zasiyana.

Taganizirani anthu awiri m'wodi imodzi ya chipatala cha boma. Onse akusambitsa odwala omwewo, akutembenuza matupi olemera omwewo, akuweruka nthawi imodzi, mwina akwera galimoto imodzi pobwerera, n'kuchita ngozi imodzi. Wolembedwa ndi NHS, bungwe la boma la zaumoyo, ngakhale ali m'chaka chake choyamba, amalandira malipiro athunthu mwezi umodzi, kenako theka la malipiro miyezi iwiri. Akakhala kuti wagwira zaka zoposa zisanu, ndi miyezi isanu ndi umodzi yathunthu ndi ina isanu ndi umodzi ya theka. Mnzake wa ejensi, ngakhale atakhala m'wodi imeneyo chaka chonse, amapita kunyumba ndi ndalama ya maola khumi. Ine sindiona chifukwa chilichonse chachilungamo chimene fupa la mmodzi lingakhalire lotsika mtengo kuposa la mnzake.

Kumudzi tikabwereka khasu kwa aneba n'kuthyola mpini, sitibweza chitsulo chokha n'kunena kuti mukakonza mutiuze tidzabwerekenso. Timasema mpini wina, chifukwa ndi m'munda mwathu mmene lathyokera ndipo ndi chimanga chathu chimene limalima. Dongosolo la ejensi linapangidwa kuti wobwereka asaseme mpini. Nyumba ya okalamba imati munthuyu si wathu, ndi wa ejensi. Ejensi imati ife timangolumikiza anthu. Munthu uja watsala pakati, ndipo onse awiri adya thukuta lake.

Ife Amalawi nkhani imeneyi si yachilendo. Agogo athu ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, kenako Theba, amene analinso maejensi olembera anthu ntchito m'migodi ya eni ake ena. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, mpaka Kamuzu anaimitsa kulemba anthu. Ndipo mpaka lero tikumvabe za nkhalamba zimene zinagwira m'migodi zikuyendera ndalama zawo, zina zikutsokomola fumbi la pansi pa nthaka. Zovala zasintha, tsopano ndi yunifomu ya buluu ndi foni m'thumba, koma funso la amene amasenza munthu wapakati akavulala likadali lomwe lija. N'zochititsa chidwi kuti ngakhale lamulo lathu la ntchito la ku Malawi la chaka cha 2000, papepala, limapatsa munthu amene wagwira miyezi 12 masabata anayi a malipiro athunthu ndi masabata asanu ndi atatu a theka akadwala. Tonse tikudziwa kuti waganyu ndi mlonda wa pakampani ya alonda kawirikawiri saziona zimenezi. Koma mfundo yoti wodwala alandire molingana ndi zimene amapeza inalembedwa ku Malawi, pamene Britain ndi chuma chake chonse amangopereka kandalama kofanana kwa aliyense. Ku Germany bwana amalipira malipiro athunthu masabata asanu ndi limodzi. Ku Netherlands ndi 70 peresenti mpaka zaka ziwiri. Si zinthu zosatheka.

Ndamvapo zotsutsa, ndipo zina zili ndi mutu. Ena amati wa ejensi amalandira zambiri pa ola, ndiye asunge yekha za tsiku la mvula. Kwa namwino wa digiri amene amasankha mashifiti odula, mwina n'zoona. Kwa ife osamalira okalamba, ogwira m'nyumba zosungira katundu ndi m'mafakitale a nkhuku, kusiyana kwake kumakhala kochepa kwambiri, ndipo kumathera mu petulo wopita kutali kumene okhazikika akana kupita. Ena amati nyumba zambiri za okalamba zimene si za boma sizipereka kalikonse pamwamba pa SSP ngakhale kwa antchito awo okhazikika, choncho kufananitsako sikungathandize aliyense. Zoona, ndipo n'chifukwa chake SSP yeniyeniyo iyenera kukwera kuti izitsata malipiro a munthu. Koma kuipa kwa malo ena si chifukwa chomanira anthu pamalo pamene chinthucho chilipo. Enanso amati maejensi aang'ono angagwe. Mtengo wake auike pa bilu imene amatumiza kwa wobwereka antchito, monga amachitira kale ndi ndalama ya tchuthi. Ngati ntchito ya ejensi imatsika mtengo pokhapokha wovulala akasiyidwa yekha, ndiye kuti kutsika mtengoko kukulipidwa ndi wovulalayo.

Chotsutsa chimene chimamveka champhamvu pa nkhani ya ngozi ya pamsewu ndi chakuti pali wolakwa, ndiye alipire ndi wa inshuwalansi wa dalaivala uja. N'zoona kuti njira imeneyi ilipo ndipo aliyense wovulazidwa aitsate. Uli ndi zaka zitatu kuchokera tsiku la ngozi kuti ukasume. Ungathe kuitanitsa chipukuta misozi cha kuvulala komanso malipiro onse amene wataya. Ngakhale wokuwombayo atathawa kapena atakhala wopanda inshuwalansi, kuli bungwe la Motor Insurers' Bureau, limene linakhazikitsidwa mu 1946 chifukwa cha milandu yotereyi. Koma amene amanena zimenezi ngati yankho sanadikirepo kampani ya inshuwalansi. Pamafunika lipoti la dokotala wawo, makalata amapita n'kubwera, miyezi imatha, nthawi zina chaka n'kupitirira. Mwininyumba safuna kumva za mlandu umene uli m'njira, amafuna lendi pa 1. Ndiponso kuyambira pa 31 Meyi 2021 ndalama za kuvulala kwa khosi kumene kumachitika galimoto ikawombedwa anazidula kwambiri, moti pa nthawiyo ululu wa miyezi itatu anauika pa £240, ndipo milandu ing'onoing'ono munthu amayendetsa yekha pa intaneti popanda loya womulipirira. Chotsala chenicheni ndi malipiro otayika, ndipo apa wa ejensi amavutikanso, chifukwa a inshuwalansi amafunsa kuti tidziwa bwanji kuti mukanagwira maola amenewo. Ine chinandipulumutsa ndi mapepala a malipiro a miyezi itatu ndi zithunzi za mashifiti aja zimene ndinajambula pafoni asanazifufute. Nanga ngozi imene wolakwa ndiwe mwini, utaterereka pa ayezi kapena utasinza pambuyo pa usiku wachinayi wotsatizana? Palibe wa inshuwalansi amene adzakubwezere malipiro. Malipiro a nthawi yodwala anapangidwira zimenezo, kuti munthu adye osayamba wafunsidwa kuti analakwa ndani.

Pano ndilankhule ndi a kwathu, chifukwa mbali ina ya vutoli ili m'nyumba mwathu. Ambiri mwa ife ziphaso zathu zili ndi mawu oletsa kulandira thandizo la boma, ndipo mawu amenewa anatilowa m'mafupa moti timaopa ndalama iliyonse imene sitinaigwirire shifiti. Mlongo wina wa kutchalitchi kwathu anandigwira dzanja n'kunena kuti, amayi, zisiyeni zimenezo, mudzaononga mapepala anu. Ankandifunira zabwino. Koma SSP si thandizo la boma. Siili pamndandanda wa zinthu zoletsedwa kwa anthu a viza, monga ilili Universal Credit. Ndi ndalama ya bwana, yochokera pa ntchito imene wagwira. Chipukuta misozi cha inshuwalansi nachonso sichikhudza viza. Mantha athuwa maejensi ena amawadziwa bwino, ndipo amawadyera.

Palinso zina zimene timadzipweteka nazo tokha pamsewu. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pamene wakhazikika kuno, ndipo siisinthidwa ndi ya kuno monga zimakhalira ndi ya ku Zimbabwe kapena ya ku South Africa. Umayenera kulemba mayeso. Amene akuyendetsabe chaka chitadutsa ali pa ngozi iwiri, ya pamsewu ndi ya kukanidwa ndi inshuwalansi. Chimodzimodzi amene amayendera odwala m'makomo, kuchoka nyumba iyi kupita iyo pa galimoto yawo, koma inshuwalansi yawo ndi yongopitira kuntchito ndi kokacheza. Ulendo wa pakati pa odwala awiri ndi wa ntchito, umafuna inshuwalansi ya bizinesi. Ejensi yabwino imafunsa zimenezi isanakutume. Zambiri sizifunsa, chifukwa zikavuta si izo zimene zidzayankhe.

Ndife anthu odziwa kusonkha. Uthenga ukangolowa pa gulu la WhatsApp kuti mnzathu watisiya, mapaundi amagwa usiku womwewo mpaka thupi likwere ndege kupita ku Chileka kapena ku Lilongwe. Inenso anandisonkhera, anabwera ndi ufa, nkhuku ndi ndiwo zophikaphika, ndipo sindidzaiwala. Koma zimandiwawa kuti ndalama za anthu otopa, amene nawonso akugwira usiku, ndi zimene zikutseka dzenje limene anayenera kutseka ndi amene amapindula ndi ntchito yathu. M'magulu athu omwewo muli anamwino, owerengera ndalama ndi ophunzira zamalamulo. Munthu mmodzi wodziwa kulemba kalata ya mizere isanu ndi umodzi ija angabweze ndalama zambiri kuposa msonkhano wonse wa chopereka. Ndipo wa ejensi saletsedwa kulowa mabungwe a antchito monga Unison kapena GMB. Ambiri sitilowa chifukwa timadziona ngati alendo odutsa, pamene zaka zikupita tili pompano.

Chimene ndikufuna kwa opanga malamulo ndi chachidule. Mawu aja ochotsa malipiro a nthawi yodwala pa kufanana kwa pambuyo pa masabata 12 afufutidwe. SSP izitsata malipiro a munthu m'malo mokhala kandalama kamodzi. Ndipo ejensi imene yakana kulipira popanda kupereka SSP1 izilipitsidwa chindapusa chowawa, osati kungobweza mwakachetechete zimene inayenera kupereka kale, chifukwa pakali pano kuyesa mwayi sikuitayitsa kanthu. Amene tili ndi ufulu wovota kuno, ndipo nzika za Malawi ndi Zambia zokhala kuno movomerezeka zili nawo chifukwa cha Commonwealth, tingathe kulembera phungu wa dera lathu n'kumuuza zimenezi ndi nkhani zathu zenizeni.

Ndinabwerera kuntchito patatha masabata khumi ndi limodzi, dzanja lisanayambe kugwira bwino, chifukwa sitikanatha kudikiranso. Usiku woyamba ndinapempha mnzanga wa ku Zimbabwe kuti azigwira mbali yolemera tikamatembenuza agogo ena a m'chipinda chakumapeto. Anavomera osafunsa zambiri. Tili pa tiyi cha m'ma 3 koloko anandiuza kuti chaka chapitacho nayenso anagundidwa ali panjinga, anakhala kunyumba miyezi iwiri, ndipo ejensi yake inamuuza kuti wa ejensi salandira kanthu. Mapepala ake a malipiro anali akadali nawo mufoni, ndipo tinayamba kuwawerenga pomwepo.